Nkhondo ya Zipsepse za Roketi ya Petronela

Tcherani khutu, inu a m'tsinde mwa phiri la Ndirande ndi inu a ku Kameza, mumve za zaka zija zimene petulo ankasakidwa ngati mankhwala, madalaivala akugona pamzere, magetsi akubwera mwa apo ndi apo; pakuti m'nyengo imeneyo, pakhonde lina ku Chemusa, panabuka nkhondo yoti mbiri isaiiwale.

Petronela, mtsikana wa Fomu 3, anasankhidwa kuimira sukulu yake pa mpikisano wa sayansi. Aphunzitsi ake, mayi Zeinabu, anampatsa roketi yoti akamange: chipaipi cha pepala lolimba, kapaipi kakang'ono kokhalamo injini, ndi mphete ziwiri zomatira kapaipiko m'mimba mwa chachikulucho. Zipsepse, timapiko takumchira, anati akadule yekha. Injini inali imodzi, yoyaka kamodzi kokha, ndipo aphunzitsiwo anaisunga. Roketi ikauluka Loweruka, Petronela apita ku mpikisano waukulu ku Lilongwe, kumene anali asanapondeko. Ikakana, basi.

Anali atangolowetsa kapaipi ndi mphete zake moyesa, guluu asanapake, pamene anatulukira bambo ake a Ambrosi, Ng'ona ya ku Nsanje, Mkhomazidebe, amene nyundo yawo inkadzutsa Chemusa mzikiti usanaitane.

"Bweretsa kuno, mwana wanga," inatero Ng'ona. "Zipsepse zikhala zitatu, zamalata. Mafuwa ndi atatu, ndipo mphika sunadandaulepo."

Koma mphepo ili ndi makutu. Dzuwa lisanapendeke anafika a Chrispin, mlongo wa mayi a Petronela, Nyalugwe wa ku Chiradzulu, Mpalamatabwa, Mwini Mbumba, pensulo ili kukhutu ngati mkondo.

"Alamu," anatero Nyalugwe ataimirira pamulu wa njerwa, "tebulo la miyendo itatu munaliona kuti? Zikhala zinayi, zapulayiwudi. Komanso kwathu mwana ndi wa malume ake. Inu ndinu tambala wobwereka."

"Ine ndine Msena, alamu, ndinalowola. Ng'ombe zinayenda ndi miyendo yake, dzuwa likuswa mtengo. Mwana uyu ndi wanga kuyambira tsitsi mpaka roketi."

"Adadi, ankolo," anatero Petronela, "mphete zam'katizo sindinamate."

Mawu akewo anamveka monga amvekera mwanapiye pachigayo.

Ndiye nkhondo inakula. Kum'mawa kwa khonde lumo la malata linatafuna chitini cha mafuta ophikira. Kumadzulo sandipepala anapala mpaka fumbi linagwera m'ndiwo za anthu a lendi. Ng'ona ikapita kuchimbudzi, Nyalugwe ankamata chipsepse chake. Nyalugwe akapita kukayankha foni, Ng'ona inkabwezera. Mayi Eliness, mkazi wa uyu, mlongo wa uyo, analengeza kuti dziko lawo silikulowererapo, napitiriza kuchapa kaunjika wawo wogulitsa. Nkhondo ikapuma, roketi inkatsekeredwa m'bokosi la maloko awiri, kiyi wina ku Nsanje, wina ku Chiradzulu, kuti mdani asaikhudze. Mwini wake nayenso sanaikhudze.

Pofika Lachisanu zipsepse zinali zisanu ndi ziwiri, zothithikana kumchira moti chala sichikanalowa, ndipo guluu yense anali atatha. Petronela analira kuseri kwa bafa. Ine wolemba mbiri ndinamuona, ndipo ndinakwiya, koma ndine wa lendi pa a Ambrosi, choncho ndinakwiyira m'nyumba.

Loweruka makamu anasonkhana pabwalo la mpira. Mayi Zeinabu anayang'ana zipsepsezo nthawi yaitali, kenako anafunsa, "Zam'kati zili bwino?"

"Zili bwino," anayankha akazembe onse awiri, mtsikana asanatsegule pakamwa.

Injini inalowetsedwa, anthu anabwerera m'mbuyo, moto unayatsidwa. Injiniyo inabangula, inanyamula kapaipi kake ndi mphete zomwe, inadutsa m'mimba mwa roketi, inagwetsa chisoti chakumutu, n'kuuluka yokha mokhotakhota kukatera padenga la chimbudzi cha sukulu. Roketi inatsala pomwepo, chilili, ikufuka utsi ngati mbaula yonyowa.

Wamkulu wa oweruza anayandikira, navula magalasi. "Mwanayu ndi wa ndani, ndipo wamuthandiza ndani?"

Apa ndi pamene mtendere unabadwa. Ng'ona ya ku Nsanje inavula chipewa.

"Bwana, ine ndine mlendo m'dziko lino. Kuno mwana ndi wa malume ake, ndipo mwambo sitilimbana nawo."

"Ayi, alamu, musadzichepetse," anatero Nyalugwe atagwira pamtima. "Munalowola. Ng'ombe zija ndinaziona ndi maso angawa."

Aliyense atamva mnzake akulemekeza mwambo wake, misozi inalengeza. Anagwirana chanza cha manja awiri, nagwirizana pamaso pa mboni kuti palibe chipsepse ngakhale chimodzi chimene chinagwa, cha malata kaya cha thabwa, ndipo kuti izi ndi zofunika kuthirira. Anatsetserekera kumsika atakolowekana mikono, nakagawana chipisi m'mbale imodzi, uyu kukankhira mnzake chidutswa chomaliza, uyo kuchibweza.

Ku Lilongwe kunapita mwana wa sukulu ina, ndi mbaula yoyendera utuchi. Petronela anatola chisoti chija, anakumbatira roketi yake pachifuwa malata akumukanda, n'kuyamba ulendo wa ku Chemusa wapansi, popanda womuperekeza.