Mtengo Umene a Mpala Analetsedwa Kumeta

A Mpala ankameta mitengo. Sindikunena kudulira kumene amachita anthu a m'minda ya maluwa ayi, ndikunena kumeta kwenikweni, chipeso chili m'thumba la malaya, galasi lili m'khwapa. Amene akuti ndikuwonjezera apite akaone yekha mumsewu mwathu, zipsera zake zikadalipo.

Kwa zaka makumi anayi anali wometa tsitsi m'kachipinda ka pafupi ndi pokwerera basi. Dzinalo anapatsidwa chifukwa kaya upemphe kametedwe kotani, unkatuluka mutu ukuwala. Maso atayamba kuchita nkhungu, ndipo atacheka makutu a anthu awiri sabata imodzi, ana awo anawalanda mpando n'kutseka kachipindako. Koma manja sanamve kuti ntchito yatha. Ankakhala pakhonde sizasi ili m'manja, kumangometa mphepo, tcheke tcheke tcheke, mpaka akazi awo mutu kuwawa.

Tsoka linagwera mitengo. Pafupifupi nyumba iliyonse mumsewumo inali ndi mtengo uja wa maluwa onga pepala lofwanyika, umene khungwa lake limasupuka lokha n'kusiya thunthu losalala. Tsiku lina a Mpala anafunsa wogulitsa mbande dzina la mtengowo.

"Kirepi meto, bambo."

"Wati chiyani?"

"Kirepi meto."

"Mwamva nokha anthu inu! Meto, meta. Dzina lake lomwe likupempha lumo."

Kuyambira pamenepo panalibenso mtendere. Nyengo yozizira ikamayandikira, masamba a mitengoyi amasanduka achikasu, ena ofiira ngati makala amoto, kenako n'kuyoyoka. Ife tinkati kukongola. A Mpala ankati ndi imvi. Tsamba loyamba likangofiira, tiyi ankazizira m'kapu, iwo akuyenda kuchoka pakhonde kupita pageti, pageti kubwerera pakhonde, kenako uyo, makwerero paphewa, sowo m'manja.

Woyamba kulandira ulendowo anali mnzawo wosoka nsapato.

"Odi! Ndabwerera mkulu uyu waima apayu. Tsitsi lamukulira."

"Achimwene, mkulu ameneyo sanadandaule."

"Amachita manyazi. Weramani pang'ono, bambo," anatero a Mpala polankhula ndi mtengo, akuumanga chinsalu chakale m'khosi.

Pofika masana panatsala zitsa zitatu zoloza kumwamba. A Mpala anatsika, n'kukutumula chinsalu, n'kuimika galasi kuseri kwa thunthu.

"Kumbuyo kuli bwanji?"

"Kumbuyo kulibe, achimwene. Kutsogolonso kulibe."

"Ndiye kuyera kumeneko. Wotsatira!"

Apa ndinene zoona, chifukwa bodza sindigwirizana nalo. Mtengo umenewu sudulidwa mutu. Umadikira masamba athe, kuzizira kuyambe kutha, ndiye uchotse nthambi zouma, zokhulana, ndi mphukira za patsinde, basi. Ukaudula mutu umatupa mfundo ngati zibakera, n'kutulutsa tinthambi towonda timene timagwada maluwa akanyowa ndi mvula. Msewu wathu wonse unadzaza zibakera, ngati mitengo ikuopseza odutsa.

Unatsala umodzi, wa pakhomo pa a Mpala penipeni. Akazi awo, amene tonse tinkangowatchula kuti mayi, anautenga uli kamphukira pabwalo la malemu amayi awo nyumbayo isanagulitsidwe. China chilichonse cha kumeneko analibe. Unakula kupitirira denga, thunthu losalala ngati mkono wa khanda, ndipo ukafiira anthu ankaima pamsewu kuuyang'ana.

"Bambo, tsiku limene sowo yanu idzakhudze mtengo uwu, ine ndilongedza," anatero mayi, ndipo sankaseka.

"Kansonga kokha, mayi."

"Kansonga kokha ndi mmene munanenera pa khutu la munthu uja."

"Koma zikundichotsa ulemu! Pakhomo pa wometa, mtengo uli nyankhalala?"

"Ukhale nyankhalala. Si kasitomala wanu."

Zaka khumi ndi ziwiri mayiyo analondera mtengo wawo. Makina osokera anawakokera pazenera loyang'ana pabwalo. Sowo ankaibisa pansi pa matiresi, m'bokosi la nsalu, tsiku lina mpaka padenga la bafa. Maukwati a nyengo imeneyo sankapitako. Kumsika ankayenda ngati wasiya mkaka pamoto, kugula osanenerera, mtima uli kunyumba. Akangolowa pageti ankayamba kuwerenga nthambi asanatule dengu.

Tsiku lina anabwerera panjira dala, n'kupeza amuna awo atagwada patsinde.

"Mukutani pamenepo?"

"Batani, mayi. Lagwa batani."

"Malaya anuwo mabatani ake ndi okwana."

"La buluku."

Mayi anayang'ana m'mwamba. Nthambi zonse zinalipo, palibe chilonda. Anatula dengu, koma tsikulo ndiwo zinapserera, chifukwa diso limodzi linali pazenera.

A Mpala anatisiya nyengo yomweyo ya masamba ofiira. Masana ena kulira kwa sizasi kunaleka pakhonde. Mayi anayamba ndi kuthamangira kumtengo, poganiza kuti munthu wayamba zake. Mtengo unali bwinobwino. Mwini sizasi anali pampando wake, nkhope italoza kumasambawo, chipeso chikusuzumira m'thumba.

Mvula itabwera, mtengo wa mayi unayamba zachilendo. Patsinde panatuluka mphukira zosawerengeka, thunthu losalala lija linamera tinthambi paliponse, m'kati munathithikana mpaka masamba anachita nkhungu yoyera posowa mpweya. Mayi anauzungulira kangapo, kenako anaitana wosoka nsapato uja.

"Alamu, taonani. Mtengo uwu sunachitepo zimenezi. Kodi nawonso ukulira?"

Mkuluyo anakanda mutu, umene tsopano unali ndi tsitsi lofika m'makutu.

"Mlamu, inu mumati ndevu zake ankameta ndani?"

"Ndevu zanji?"

"Mukangoti mwapita kumsika, kaya mwalowa m'bafa, achimwene ankagwada apa ndi kasizasi kakang'ono. Mphukira, tinthambi touma, zonse m'thumba, kukataya kuseri kwa nyumba yanga. Batani lija linali limenelo."

Mayi anakhala pansi pamwala.

"Ndiye kuti ankadziwa kadulidwe kake? Nanga yanu ankaidula mitu chifukwa chiyani?"

"Ndinawafunsa, mlamu. Anati kasitomala amafuna aone tsitsi lambiri pansi kuti akhulupirire kuti wametedwa. Koma wa m'nyumba umamumeta moti ngakhale mwini wake asazindikire."

"Wabodza uja," anatero mayi, akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuthamanga kumsika ngati wamisala."

Lero mumsewu mwathu masamba amafiira mpaka kuyoyoka okha, palibe wobisa mtengo wake, palibe wotseka geti akamva makwerero akugwedera. Zibakera zija zikubisika pang'onopang'ono m'nthambi zatsopano. Kunena zoona mitengo yapeza bwino. Ife ndi amene sitinapeze bwino. Munthu umakhala pakhonde, kuona tsamba loyamba lafiira, n'kuyamba kutchera khutu kumsewu osadziwa chimene ukudikira.

Mayi makina anawabweza kukhoma. Kumsika amapita modekha, amanenerera mpaka ogulitsa kutopa. Koma kuzizira kukamatha, masamba onse atagwa, amatulutsa kasizasi kaja ndi chinsalu chakale, n'kugwada patsinde movutikira, bondo limodzi kenako linzake. Ndinadutsa tsiku lina ndipo ndinawamva ndi makutu angawa.

"Kwezani chibwano, bambo. Kansonga kokha."