Peresiya Agwera pa Meluluca

Lolemba
Lachisanu ainsipetoli akubwera kudzaonera phunziro langa. Akakondwa, andisamutsira ku Metangula komwe kuli mkazi wanga ndi magetsi. Mutu wa phunzirolo: maiko a lero amene akhala pa malo a ufumu wakale wa Peresiya. Mapu tilibe, chiswe chinawaloweza kalekale. Ndiye mwana aliyense akhale dziko, chingwe cha khoka chikhale malire, ine mfumu. Irawu, Iraki, Turukiya, Ejito, Afeganisitawu, Pakisitawu. Nzeru ngati zanga kumawolera kuno!

Lachiwiri
Usipa wagwa. Ejito ali kugombe, akuyanika. Ndikutuma Pakisitawu akamuitane, nayenso osabwerako. Maiko awiri kutayika popanda nkhondo!

Lachitatu
Turukiya ndi Iraki akuphana chifukwa cha botolo la madzi. Ndikuwauza kuti enieniwo amalimbiranaso mitsinje. Palibe woseka, mitu yonse ndi maungu okhaokha. Masana akubwera amake Iraki, manja m'chiuno: “Apulofesoli, mwananga ndinamutcha Joana. Dzina la mabomba ili kapatseni wanu.” Amutenga.

Lachinayi
Mwini khoka wadzatenga chingwe chake. Malire ndikujambula ndi phulusa, mwera ukuwasesa.
Foni ikulira, mkazi wanga. “Peresiya ameneyu ndani? Akuti simukugona naye tulo, mukuuza ndi ana omwe kuti ngwamkulu thupi ndipo aliyense amamufuna.” Ndikuti ufumu, mayi, ufumu, unatha Yesu asanabadwe! Iye akuti amuna onse amatero. Mudzi uno kuwerenga ayi, koma miseche imafika ku Metangula galimoto isanafike.

Lachisanu
Turukiya wadwala m'mimba. Afeganisitawu akuti salamulidwa ndi munthu, wakwera mumtengo wa mango. Watsala Irawu yekha, chimfine chili chuchuchu.
Ainsipetoli afika, nsapato zili mbuu. Ine chilili ndi chisoti cha katoni. Akufunsa mwanayo m'Chipwitikizi kuti Irawu n'chiyani. Iye, mosakayika: “Ndi verebu, bwana. Kutanthauza kuti adzapita.”
Zoona, m'Chipwitikizi dzina la dzikolo ndi verebuyo ndi mawu amodzi. Chaka chonse kamwanaka sikanakhozepo kanthu, kusankha lero!

Loweruka
Ainsipetoli agona kwa adiretoli a sukulu yathu, adya chambo, anyamula dengu la usipa kuchokera kwa atate ake a Ejito. Potsanzika akundigwira paphewa: “Mphunzitsi wotha kupanga maiko ndi phulusa sitingamuwonongere mtauni. Khalani konkuno.” Munthu wosadziwa ngakhale komwe kuli Iraki! Ndikuthokoza, mano ndaluma.

Lamulungu
Kutchalitchi amayi akugwirana zigongono, akuyang'ana uku ndi uku kuti aone Peresiya wakhala pati. Mkazi wanga sakuyankha foni. Zandiwawa, sindinama.
Chisoti ndakoleza nacho moto. Mafumu a Peresiya anagonja kwa ankhondo, ine kwa usipa.
Kamwana kaja sikanalakwe. Irawu, adzapita. Ainsipetoli apita, maiko apita, chingwe chapita. Wosapita ndine ndekha. Mawa phunziro la mitsinje, ndipo sinditchula dzina lililonse lomveka lachikazi.