Chibotolo Chofiira Chinandimanitsa Tauni

Inu mukandiona ndikupalasa kanjinga kanga pa Mitundu pano mumangoti mdala uyu mwayi sunamudziwepo. Ayi ndithu. Ine nyumba ya magetsi ku Lilongwe ndinaigwira ndi dzanja ili, kenako ndinaitaya ndekha, masanasana, pamaso pa amayi odzaza galimoto. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa, koma inu sekani, ndakulolani.

Zinali zaka za chipani chimodzi zija, ine ndili dalaivala wa ofesi ina ya zaulimi. Ndinkayendetsa landirova, galimoto yaitali miyendo ija yosaopa matope, kunyamula alangizi kupita nawo kumidzi. Madalaivala tinalipo awiri, ine ndi mnzanga Lufeyo. Tsiku lina bwana wathu anatiitana n'kutiuza kuti mvula ikatha mmodzi wa ife apita ku Lilongwe kukayendetsa akuluakulu, ndipo kumeneko kuli nyumba ya magetsi ndi mpopi wa madzi pakhomo pomwe. Asankha amene akusamala galimoto yake. Apa panalibe mpikisano, anzanga. Galimoto ya Lufeyo inkanunkha usipa ndi mbuzi za anthu, pamene yanga ndinkaitsuka mpaka kunsi kwa matayala. Kunyumba make Tereza, mkazi wanga, anali atauza kale amayi onse a kutchalitchi kuti tikusamuka, mpaka anayamba kupatsa anthu moni ngati munthu wotsazika.

Tsono galimoto zimenezi iliyonse inabwera ndi chozimitsira moto, chibotolo chofiira chomangirira kuseri kwa mpando. Anatiphunzitsa kuti m'tchire udzu umakodwa kunsi kwa galimoto n'kuyaka, ndipo kumidzi kulibe ozimitsa moto oti uwaitane, mpulumutsi wako ndi chibotolocho basi. Lufeyo chake ankachitchingira tayala poimika galimoto potsetsereka. Ine changa ndinkachipukuta m'mawa uliwonse. Chimene chinkandidya n'chakuti sindinachigwiritsepo ntchito. Ndikunena zoona, ndinkalakalaka moto. Munthu wamkulu, wa ana, kumapemphera chamumtima kuti china chake chiyake kuti bwana amve za ukatswiri wanga!

Chimanga chitayamba kubereka kunabwera uthenga woti mtsogoleri wa dziko adzayendera mbewu, ndiye amayi a chipani a ku Mitundu akakumane ndi anzawo ku Nathenje kukakonzekera magule. Masiku amenewo achipani akapempha galimoto sikunali kupempha ayi. Bwana anasankha ine.

"A Mbewe, mukawasamale amayiwa," anatero. "Ndidzamva kwa iwo momwe mwayendera."

Ndinangoti mumtima, nyumba ija ndi imeneyi.

Amayi anakwera atavala nsalu za chipani zokhala ndi nkhope ya mtsogoleri, ng'oma yawo kumbuyo, nyimbo zili pakamwa. Kutsogolo pafupi ndi ine kunakhala tcheyamani wawo, Mayi Namwale, mayi wa mawu ochepa amene amuna ankamuvulira chipewa akadali patali. Pamiyendo anafukata chithunzi chachikulu cha mtsogoleri, cha m'galasi, choti akachiike patsogolo pa bwalo. Ana a lero simungamvetse. Nthawi imeneyo munthu ankatha kutengedwa osaonekanso chifukwa chongoyankhula mopepuka za chithunzi chimenecho.

Msewu wabwino wopita ku Nathenje unalipo, koma wozungulira. Ine ndinafuna kuti akanene kwa bwana kuti a Mbewe amafika nthawi isanakwane, ndiye ndinakhotera kanjira ka ngolo kodutsa padambo.

"Adalaivala, kuno mvula inagwa dzulo," anatero Mayi Namwale.

"Musadandaule amayi, galimoto iyi matope ndi ndiwo zake."

Ndisanamalize n'komwe mawuwo, galimoto inatitimira mpaka m'mimba. Ndinayesa magiya onse amene ndinkawadziwa, iyo kumangolira pamalo amodzi. Munthu wanzeru akanakapempha ng'ombe kumudzi wapafupi. Ine ndinapempha amayi a chipani kuti atsike akankhe. Anatsika, anagwira kumbuyo, ine ndinaponda moto ndi mphamvu zanga zonse. Matayala anazungulira, ndipo matope onse a m'dambomo anathera pa nsalu zija. Nditasuzumira ndinaona nkhope ya mtsogoleri yadzola matope pa chiuno cha mayi aliyense. Nyimbo zinathera pomwepo.

Amayi anandisiya, anapita pa kachulu kouma kumbuyo kwa galimoto, ena akutsuka nsalu zawo m'zithaphwi uku akundiyang'ana cham'mbali. Ine ndinatenga fosholo n'kukwawira kunsi kwa injini kuti ndifukule, thukuta lili kamukamu, ndikudziuza kuti zinthu sizinafike poipa, ndikawapepesa bwino ndi timawu totsekemera.

Ndili chigonere m'matopemo ndinamva fungo la utsi. Ndinatulutsa mutu. Abale inu, utsi ukufuka kumbuyo kwa galimoto, mbali yomwe kuli thanki ya petulo! Ndipo ndikuuzeni zamanyazi: ndinakondwa. Ndinati Mulungu wandiyankha, zamatope zonse ziiwalika, amayiwa akanena kuti a Mbewe anawapulumutsa. Ndinalumphira m'galimoto, kumasula chibotolo changa, kusolola kachitsulo kotsekera, n'kuthamanga ndikukuwa.

"Thawani amayi! Moto! Moto!"

Pokhota kumbuyo kwa galimoto phazi linaterereka, ndinagwa chogwada, ndinatsinzina n'kufinya chogwirira. Chinthu chija chinalira phwii, ufa woyera uli tolotolo. Kodi mukudziwa kuti ukachisiya chimaleka chokha? Ine ndinali ndaiwala. Ndinafinyabe, ndikuchipukusa uku ndi uku, mpaka chinatha chonse.

Ufa utakhazikika ndinatsegula maso. Galimoto inali bwinobwino, sinayake ngakhale pang'ono. Moto unali pa kachulu paja, kamoto ka udzu wa dzanja limodzi, umene mayi wina wachikulire, Naphiri, anasolola pa denga la msasa wa m'dimba. Ng'oma yake inali italefuka ndi chinyezi, ndiye anaona kuti m'malo mongokhala aiwambe pamoto kuti chikopa chikungike. Mphepo ndi imene inkabweretsa utsi ku galimoto. Ine, mwana wa kumudzi, amene ndinakula ndikuona ng'oma zikuwambidwa, ndinazimitsa moto wa ng'oma.

Amayi onse anali mbuu ngati atuluka m'chigayo, akutsokomola, ena akulira maso. Mayi Namwale ankangooneka maso okha. Ndipo pansi, chotsamira kachulu, panali chithunzi chija, chimene anachitsitsa kuti achape nsalu yawo. Nkhope yosaoneka, ufa wokhawokha.

Apa m'pamene mutu unandithawa. Ndinachilumphira chithunzicho kuti ndichipukute asanayambe kuyankhula. Tsono dalaivala aliyense wa m'misewu ya fumbi ali ndi chizolowezi chimodzi: galasi likada umalavulira pang'ono n'kupukuta ndi mkono wa malaya. Sindinaganize. Pakamwa panachita pokha. Ptu! Pakati pa maso penipeni.

Kunangoti zii. Ngakhale otsokomola aja analeka.

"Mayo ine," anatero Naphiri chapansipansi. "Amulavulira."

Tangoganizani, anthuni. Ndili pakati pa dambo, madzi kumanja, madzi kumanzere, madzi mpaka m'nsapato, ine n'kusankha malovu. Ndinapukutabe, nanga n'kutani, ndipo galasilo linawala kuposa poyamba, koma panalibe amene anandiyamikira. Mayi Namwale anangotambasula manja, ndinawapatsa chithunzicho, anachiyang'ana, kenako anandiyang'ana ine nthawi yaitali. Ndikanakonda akanandimenya.

Mlimi wina anabwera ndi ng'ombe zake n'kutikoka. Tinapitiriza ulendo. Za nyumba ya magetsi ndinali nditaiwala, ndinkangoganiza kuti ana anga awauza chiyani akafunsa kumene bambo awo apita. Giya ndinkalowetsa ndi mapemphero.

Tinafika ku Nathenje mochedwa, anzawo atavina mpaka kutopa. Achinyamata a chipani a malaya ofiira anazungulira galimoto, ndipo tcheyamani wa dera, bambo wa ndodo m'manja, atangoona amayi oyera mitu, nsalu zili matope, anakwinya nkhope.

"Mayi Namwale, chachitika n'chiyani? Nsalu izi mwazitani?"

Ndinatsinzina kachiwiri tsiku limenelo. Chimene sindinaganize n'chakuti Mayi Namwale nawonso anali ndi mlandu wawo. Akanena za malovu anga, akanafunsidwa kuti nanga chithunzi chinkatani pansi, padothi.

"Bambo tcheyamani, ife tikanafa lero," anayamba choncho, mawu ali phee. "Moto unabuka panjira, chithunzi ichi chikanapsa. Bambo awa anadziponya pamoto osaganiza za moyo wawo. Taonani mmene achipulumutsira, chilibe ndi banga lomwe."

Nthungululu zinamveka bwalo lonse. Achinyamata aja, amene ndimayesa andimanga, anandigwira chanza mmodzimmodzi. Tcheyamani anandiimika kutsogolo n'kuuza anthu kuti dziko likufuna amuna otere. Ine misozi inalengeza, ndikuti mayi uyu ndi mngelo, wandipulumutsa ku ndende, komanso bwana akamva zimenezi ndani angandilande nyumba ija? Ndinayamba ndi kumwetulira komwe, chitsiru ine.

Mayi Namwale anakweza dzanja. "Tili ndi pempho limodzi, bambo. Tamva kuti ku ofesi kwawo akufuna kuwatengera ku tauni. Dalaivala wokhulupirika chotere musatilande. Akhale pa Mitundu pomwepa, azitinyamula ife amayi." Ponena mawu omalizawo anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo ndinamva bwinobwino zimene maso awo ankanena.

"Zatheka!" anatero tcheyamani, akugogoda ndodo pansi. Anthu anaombanso m'manja. Inenso ndinaomba nawo, nanga ndikanatani?

M'mawa mwake bwana anandigwira chanza, nkhope ili yachisoni. "A Mbewe, ndinali nditasankha inu. Koma achipani akukufunani kuno, ndipo ine ndili ndi ana." Mvula itatha Lufeyo anakwezera katundu wake pa lole, anandikupizira dzanja, ulendo wa ku nyumba ya magetsi.

Ine ndinatsala, ngwazi ya padambo. Zaka zonse zotsatira ndinali kapolo wa amayi amene aja. Kumagule ndine, kumaliro a abale awo ndine, nkhuni ndine, chimanga chopita kuchigayo ndine, ngakhale Lamlungu anzanga akupumula. Ndikangoyamba kunena kuti lero galimoto ili ndi ntchito ya ofesi, Mayi Namwale ankangondifunsa mwaulemu kwambiri, "A Mbewe, kukhosi kuli bwanji lero? Malovu alipo?" Basi ine n'kutsegula chitseko kuti akwere. Anandisunga choncho mpaka ndinapuma pantchito, osandikalipira ngakhale tsiku limodzi, ndipo n'chifukwa chake sindinawakhululukire.

Make Tereza sindinamuuze zoona, pakuti masiku amenewo ngakhale khoma la kuchipinda sunkalikhulupirira. Iye ankangodziwa kuti mwamuna wake anachita zazikulu ndipo chipani chinamukonda mopitirira. Zipani zambiri zitabwera, anthu atayamba kuyankhula, ndinamukhazika pakhonde n'kumufotokozera zonse, ndikuyesa kuti tiseka limodzi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, osaseka. Anatambasula manja ake, olimba ndi chingwe cha pachitsime, n'kuwaika pamaso panga.

"Ndiye mukundiuza kuti ine ndakalambira pachitsime chifukwa cha malovu anu?"

Ndinangolumbira pomwepo kuti ine ndikaona utsi, ngakhale utuluke m'thumba la malaya anga, ndidzayamba ndafunsa kuti motowo ngwandani. Ndipo malovu, kaya adzaze m'kamwa chotani, ndimameza.