Wezulo ya M'munda wa a Phiri

Lolemba
Mlamu wanga Tiyanjane wabwera kutchuthi kuchokera ku Lusaka, komwe amamenya bola mu timu yaikulu ya akazi. Takangana pakhonde. Ine ndikuti amuna ali ndi liwiro, ndipo shoti yawo ndi moto. Iye akuti, "Alamu, anyamata anu amathamanga, inde, koma theka la masewero amathera chigonere, kulira mwendo."

Tapangana. Loweruka anyamata amene ndimaphunzitsa pano pa Sinda akumana ndi atsikana amene iye asonkhanitse. Pabwalo la sukulu yathu pali msonkhano wa mpingo, ndiye a Phiri, mkulu wa kuseri kwa msika, atibwereka munda wawo wakale wa thonje. Papita zaka osaulima. Sindinafunse chifukwa.

Lachiwiri
Talambula, tazika magolo a bulugamu. Tikuyeserera dzuwa lili pamutu, wezulo yalira. Anyamata onse aima. Yanga ili m'thumba. Tafufuza m'tchire monse, mulibe munthu. Atsikana kumbali kwawo akungopatsirana mpira. Akuti sanamve kanthu.

Lachitatu
Zofunika: laimu wolembera mizere ya bwalo, pampu ya mpira, goloboyi wina. Wakale wakana kubwerera. Akuti ataima pagolo anamva wina akupuma kumbuyo kwake, wefuwefu, ngati wochokera kutali. Ndamuuza kuti ndi mbuzi. Mbuzi panalibe.

Atsikana ndawaonerera ndili kuseri kwa chulu. Liwiro n'lochepa, shoti n'zofewa, koma mpira sataya. Wogwa akudzuka yekha.

Lachinayi
Wezulo ija yaliranso. Ndapita kwa a Phiri. Ndawapeza akusenda nsawa, ndipo ayankhula osandiyang'ana.

"Mwana wanga Esinati ankamenya bola m'mundamo, wopanda nsapato. Anyamata a pano anamukana, ati mkazi angawasukulutsire mankhwala a timu. Nanenso ndinamuletsa. Anagula wezulo, n'kumangoima pambali kuwaimbira. Anamwalira chaka chomwe anakwatiwa."

Ndatsanzika, ndabwerera kunyumba.

Lachisanu
Anyamata atatu apita ku Katete, ati kumaliro a amalume. Amalume amodzi, koma atatuwo si pachibale. Otsala ena abisa zithumwa m'masokosi, ena atseka makutu ndi thonje.

Tiyanjane ndamufotokozera zonse. Sanaseke. Wangofunsa kuti Esinatiyo ankakonda kusewera kutsogolo kapena kumbuyo.

Loweruka
Anthu adzaza mpaka pachulu. Chigawo choyamba n'chathu: liwiro, mphamvu, zigoli ziwiri. Ndikuyenda mapewa m'mwamba.

Chigawo chachiwiri anyamata atopa. Ayamba kukoka malaya, kutchera miyendo, kudzigwetsa. Refa, mphunzitsi mnzanga wa ku Vubwi, akuyang'ana kumbali monga tinagwirizana. Koma wina akangochita chinyengo, wezulo ija ikulira, pafupi, m'khutu mwenimweni. Thonje silikuthandiza. Anyamata akuima njo, atsikana akuwadutsa ndi mpira. Amayi oonerera akufunsana chimene chawagwira anawa. Amuna awo, amene akuimva, akuyang'ana pansi.

Refa wataya wezulo yake, wakakhala patsinde pa mtengo. Palibe amene wathetsa masewero. Atsikana atagoletsa chachitatu, anyamata angochoka mmodzimmodzi. A Phiri aima pangodya, chipewa m'manja, mpaka anthu onse atha.

Lamulungu
Ndaperekeza Tiyanjane kokwerera minibasi. "Nanga alamu, oposa ndani?" Ndati sindikudziwa, mpira wa dzulo unali ndi mwini wake.

Titatuluka m'tchalitchi ndatenga khasu kukazula magolo. Ndapeza a Phiri akutchetcha udzu pakati pa bwalo.

"Asiyeni, aphunzitsi. Atsikana aja muwauze azibwera."

Ndafunsa za anyamata anga. Apukusa mutu.

"Amenewo wowaloleza si ine."

Ndabwerera ndi khasu langa paphewa. Timu ndilibe. Mawa ndikafunsa atsikana ngati akufuna munthu wowatungira madzi.