Mutu Gulani, Tochi Siyani

Aliyense amene anagulako mpeni, tochi kapena jombo pa msika wa Lundazi m'zaka za m'ma 1990 akudziwa kuti a Jethro Mtonga sankakhulupirira chinthu chimene sanachimenye. Anthu ena akafuna kudziwa kulimba kwa katundu amamutembenuza uku ndi uku n'kufunsa mtengo. Iwo ayi. Ankamulandira ndi manja awiri mwaulemu wonse, kenako n'kumumenyetsa pa mwala waukulu umene unali pakhomo la msika.

Mkuluyu anagwira usikauti zaka zambiri ku nkhalango ya Lukusuzi, kulondera nyama zakutchire, ndipo anabwerako ndi khutu limodzi ndi theka. Theka linalo linapita ndi kambuku tsiku limene mpeni wa m'sitolo unawapindikira m'manja ngati supuni. Chichokereni kumeneko anadzilemba okha ntchito yoyesa katundu wa kutchire. Palibe anawapempha, palibenso ankawalipira. Chigamulo chawo chinali cha liwu limodzi, "siyani" kapena "gulani". "Siyani" ankamveka tsiku lililonse, koma "gulani" ankasowa ngati mvula ya mu 1992.

Woyamba kulawa anali Robson, wamalonda wolongolola amene ankapikula katundu ku Nakonde. Tsiku lina anabwera ndi matochi onyezimira, ndipo ataona a Jethro anaganiza zowatsekeratu pakamwa.

"Monile adada. Iyi tochi si yamasewela, ni ya asilikali. Mungaiponye m'madzi, mungamenye nayo munthu, izayaka chabe."

"Mwakamba nokha?"

"Nakamba nekha."

A Jethro anamuvula Robson chipewa, n'kuchiika bwinobwino pa benchi kuti chisade. Kenako tochi ija pha, paliwombo penipeni. Galasi uko, mabatire uko. Robson anakhala pansi, magazi ali chuchuchu, akufunsa anthu kuti lero n'lachingati. Mkulu uja anawerama, anapapasa chotupacho ndi chala, n'kutembenukira gulu.

"Mutu gulani. Tochi siyani."

Pa mlanduwo a Jethro anawalipitsa mbuzi, ndipo poipereka anamuchenjeza Robson kuti mbuziyo nayonso ndi ya "siyani".

Mabatire a wailesi ankawaluma ndi mano. Batire ya galimoto, ija anthu ankalizira kaseti kumudzi n'kumakaitchajitsa ku boma, anaikankha pa ngolo ikuthamanga kuti aone ngati ingapirire msewu wa ku Chikomeni. Asidi anawadyera buluku mpaka m'ntchafu. Anabwerera kwawo atavala chitenje chobwereka kwa mayi wa tomato, akulengeza m'njira monse kuti batire siyani, buluku siyani, koma chitenje gulani. Amalonda ankawada koopsa, komabe alenje, ofula uchi ndi abusa a ng'ombe sankatulutsa khobidi asanamve liwu lawo. Ankati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo amazitulutsa ndi a Jethro.

Tsoka lenileni linagwera Nason Zimba, mmisiri wa ku Kapichila amene ankasula mipeni ndi masipuling'i a galimoto zakufa. Anali munthu wofatsa, wamanja ngati makasu, ndipo mwa atsikana onse a m'boma la Lundazi anakasankha Yunike, mwana womaliza wa a Jethro. Atatuma thenga kukafunsira mbeta, yankho linabwera lalifupi.

"Ng'ombe nili nazo zanga. Anibweletsele mpeni umene sinizathyola. Mwana wanga sangagone m'nyumba ya munthu wopanga masupuni."

Anzake anamuseka kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Nason sanaseke, anangokoleza moto pachipala.

Mpeni woyamba a Jethro anaukhomera mu mtengo wa muwanga n'kulendewerapo thupi lonse. Unathyoka, iwo n'kugwa chagada, ndipo "siyani" anamunenera pansi pomwepo. Wotsatira anauika pa msomali n'kuumenya ndi nyundo mpaka unagumuka mano. Wina anaumenyetsa pa mwala uja, chidutswa n'kuuluka, kumung'amba Nason tsaya. Mkuluyo anayang'ana balalo n'kunena kuti mpeni umene umaluma mwini wake ndi galu wachiwewe.

Zinkamuwawa Nason, ndipo chowawitsa n'chakuti zonsezi zinkachitikira pagulu. Ogulitsa nyama anasiya kumugula. Anthu akamuona ankafunsa ngati wabweretsa masupuni. Kuwonjezera apo, Robson anayamba kutumiza mafuta odzola kwa Yunike, akumauza aliyense kuti iye chiphaso ali nacho kale pamutu.

Yunike anatopa. Anamupeza Nason akupopa mvukuto, n'kumuuza maso ali gwa.

"Nisompholeni chabe, tithawe, nkhani bazakamba pambuyo. Adada simuzawakwanitsa. Anathyola na mphika wa amama."

"Yayi. Nikakuthawitsa, mpeni wotsatila azauyesela pa ine."

Ananena moseka, koma chenicheni chinali china. Nason ankafuna kumva liwu lija kuchokera pakamwa pa mkuluyo, ndipo ankachita manyazi kuti akulifuna chomwecho.

Mpeni womaliza anausula osathamanga, n'kuuzimitsa mu oyilo wakuda, n'kuikako chogwirira cha muwanga. A Jethro analimbana nawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anaupondetsa ngolo. Anadulira waya wa minga. Anaumenya ndi nkhwangwa yawo, nkhwangwayo n'kugumuka. Nyundo inanjanja n'kuwachotsa dzino lakutsogolo. Msika wonse unaima, malonda osayenda. Pomaliza analavula magazi, anauyang'ana mpeniwo mwachidani, n'kuulowetsa m'lamba.

"Chogwilila chitelela. Nipita nao, nikauyese bwino."

Sananene kuti siyani, sananenenso kuti gulani. Fodya anagulitsidwa, mphepo ya mu Juni inadutsa, kutentha kunafika, chigamulo osatuluka. Nason anaonda. Anayamba kuganiza zosiya chipala n'kupita kukafuna ntchito ku Chipata.

Mwezi wa Okutobala a Jethro anapita ndi anzawo kukafula uchi kufupi ndi Lukusuzi. Kumeneko anakumana ndi njati imene inali ndi waya wa msampha kumwendo, yolusa ndi ululu. Anzawo anakwera m'mitengo. Iwo miyendo inali itakalamba. Njatiyo inawanyamula ndi nyanga, kuwaponya, kuwabwereranso, ndipo amene anali m'mitengo anangoona fumbi ndi mkono ukukwera, ukutsika.

Uthenga utafika, Nason ndi Yunike anathamanga pa njinga n'kukumana ndi ngolo imene inkawatengera ku chipatala. Anawakulunga m'bulangete lonyowa ndi magazi, nkhope itatuwa, koma pakamwa panali pakugwirabe ntchito.

"Iyi ngolo siyani," anatero mopuma movutikira. "Ija njati, ngati muli na ndalama, gulani."

Palibe anaseka. Nason ankayenda m'mbali mwa ngolo atagwira thabwa.

"Iwe wa masupuni. Mpeni wako uli m'khosi mwa njati. Wapyola fupa, walowa wonse. Sunathyoke." Anakhosomola. "Koma nenze nakuuza, chitelela. Chikanyowa na magazi chitelela. Uziikako mizele."

"Namva, adada."

Kenako anatulutsa dzanja m'bulangete, anamugwira Nason pamkono n'kuupotokola ndi mphamvu zimene zinatsala, mpaka mnyamatayo misozi inalengeza. Anamugogodanso pachipumi ndi chibakera, monga ankachitira ndi ndowa. Ndiye anayang'ana mwana wawo.

"Yunike, uyu namumenyetsa pa mwala pamaso pa anthu, namutukwana, namusiya panja miyezi yonse iyi. Abwela chabe. Gula."

Ku chipatala sanafikeko ali moyo.

Pamaliro amene analira kuposa onse anali Robson. Ankavula chipewa pamaso pa aliyense, kuonetsa chipsera, n'kumati malemu anamuyesa yekha ndi manja awo. Mpeni uja alenje anakauzula pa njati yakufayo, ndipo lero uli pakhoma m'nyumba ya Nason ndi Yunike. Saugwiritsa ntchito, ngakhale kusendera mango.

Msika wa Lundazi masiku ano ndi wamtendere, ndipo mtenderewo ndi wosakoma. Amalonda amalonjeza zimene akufuna, zipewa zili kumutu, osaopa kanthu. Tochi ikazima ndi mvula yoyamba, munthu amangodandaula yekha m'njira. Anthu amawasowa a Jethro, ngakhale aja anathyoledwa katundu amawasowa.

Nason tsopano ali ndi imvi, ndipo mipeni yake yonse ili ndi mizere pa chogwirira. Asanagulitse uliwonse amapita nawo pa mwala uja n'kuumenyetsa ndi mphamvu zake zonse, wogula akuyang'ana modabwa. Akatero amatembenukira mbali imene mkuluyo ankaimirira, n'kudikira pang'ono, ngakhale akudziwa kuti palibe amene ayankhe.