Mbiri Yanga pa Gulupu ya Okonza Mapampu

Lolemba

Lero ndayamba! Anthu adziwe kuti munthu amene amakonzera makorokoza, okumba golide m'maenje, mapampu ku Kitsiyatota kuno ku Bindura sanabadwe atagwira sipanala. Ndalemba mbiri ya ntchito yanga, gawo limodzi tsiku lililonse mpaka Lamulungu.

Gawo loyamba ndaliika pa gulupu yathu ya pa foni, ya okonza mapampu ndi majenereta. Mulinso eni maenje a golide, ndipo cholinga changa chagona pamenepo. Mayi Chirwa akufuna makaniko wokhazikika pa maenje awo. Akawerenga za ine, asankhanso ndani?

Zomwe zili m'gawo loyamba: agogo kuchoka ku Dedza wapansi, ine kubadwira pa famu ya fodya, ine kumasula wailesi ya abambo, abambo kundimasula ine ndi lamba.

Mayankho mpaka dzuwa kulowa:
- chala chimodzi choyamikira (changa)
- wina kufunsa ngati pali amene ali ndi gasiketi

Akuwerenga mofatsa, n'chifukwa chake ali chete.

Lachiwiri

Gawo lachiwiri: masiku anga pa mgodi wa ku Madziwa, mmene ndinakwerera mpaka kukhala folomani. Ndaikapo ndi chithunzi, ndili ndi tsitsi.

Che Juma, adimini wathu, alemba: "Mukoma, pano ndi pa makina. Za moyo wanu kalembeni kwina." Ndayankha kuti kodi makinawo amakonzedwa ndi mbuzi? Si anthu okhala ndi mbiri?

Gulupu yagawikana pawiri. Takunda wa majenereta akuti mosakaniza ndi Chishona, "Musiyeni mudhara alembe, zvinonakidza," ndiye kuti mdalayo alembe, n'zokoma. Wina amene sindikumudziwa n'komwe akuti, "Deta yanga yathera pa agogo anu, ndipo sanafikebe ku Bindura."

Nsanje basi!

Lachitatu

Nzeru zabwera. Ngati vuto n'lakuti nkhani yanga ilibe makina, ndiika pampu m'ndime iliyonse.

Gawo lachitatu ndi la ukwati. Ndalemba kuti amake Rudo ndinakumana nawo pafupi ndi pampu. Kunena zoona tinakumana kutchalitchi, koma kuseri kwa tchalitchicho kuli mjigo, ndiye si bodza kwenikweni. Ndawayamikiranso mwaukatswiri: ndi injini yodalirika, samwa mafuta ambiri, amalira kamodzi kokha m'mawa.

Che Juma afufuta. Koma alamu anga, amenenso ali pa gulupu, anali atatumiza kale kwa mlongo wawo.

Ndikufika kunyumba, amake Rudo ali pakhomo ndi foni m'manja. "Abambo a Rudo, ndiye mwalengeza Bindura yonse kuti ndine jenereta?"

Ndafotokoza kuti ndi mawu aulemu kwa ife amisiri. Akuti chabwino, lero magetsi azima, ndidziphikire.

Lachinayi

Zvakaoma, zinthu zavuta. Lovemore, amene tinkagwira naye ku Madziwa, wadzukira gawo langa lachiwiri lija. Walemba pamaso pa anthu onse: "Ufolomani wakewo unali wa masabata awiri, mwini wake atathyoka mwendo. Makiyi a sitolo sanampatse n'komwe."

Makiyi ndi ufolomani zikugwirizana pati?

Choipa china: aliyense tsopano wazindikira kuti nayenso ali ndi mbiri. Kuyambira m'mawa foni ikungolira.
- Takunda: mmene anasiyira sukulu (mauthenga a mawu, ataliatali, tambala akulira kumbuyo)
- mkulu wina wa ku Aerodrome: akazi ake atatu, aliyense gawo lake
- wina: maloto amene anamuuza kuti akhale wowotcherera zitsulo

Gulupu yasanduka maliro opanda mtembo, aliyense akudziwerengera yekha mbiri. Ndipo zawozo n'zosakoma! Palibe amene akudziwa kuyala nkhani. Gawo langa lachinayi lamira pakati pawo, ngakhale ine ndalephera kulipeza. Ndatseka foni kuti mtima ukhale pansi.

Lachisanu

Ndapalasa njinga mpaka ku Kitsiyatota kuti ndikamve maganizo a Mayi Chirwa pa zolemba zanga. Ndapeza Lovemore atagwada pa pampu yawo, matope mpaka m'makutu, akuimba mluzu.

Zachitika n'zakuti dzulo masana pampu inaima, madzi n'kuyamba kukwera m'dzenje anyamata ali pansi. Anatuluka onse, koma zida zinatsala. Mayi Chirwa analemba pa gulupu, kutchula dzina langa, kuti ndithamange. Uthengawo unakwiririka pakati pa mkazi wachiwiri ndi wachitatu wa mkulu wa ku Aerodrome. Anandiimbira, foni yotseka. Lovemore ankangodutsa.

Ntchito yokhazikika ija apatsa Lovemore.

"Mbiri yanu ndawerenga, bambo, ndi yokoma," atero Mayi Chirwa. "Koma madziwa ndiye sadziwa kuwerenga."

Lovemore wandipempha ndimugwirire payipi. Ndamugwirira. Folomani wathunthu!

Loweruka

M'mawa ndikutsegula foni: andichotsa pa gulupu. Ine ndekha! Wa akazi atatu uja akadalimo.

Ndapita ku shedi ya Che Juma nditakonza mawu akuluakulu. Andipatsa mpando, andipatsa tiyi, mawu aja n'kufewa. Ndanenabe zanga: achinyamata asamangophunzira gasiketi, adziwenso mmene munthu amakhalira pa ntchitoyi mgodi ukatsekedwa, ana akufuna kudya. Zimenezo buku la makina silinena.

Avomera! Akuti ndanena zoona, iwonso gawo la ku Madziwa linawakhudza. "Koma Mukoma, wofunsa za pampu amakhala madzi ali m'chiuno. Agogo anu a ku Dedza angathe kudikira."

Ndiye atsegula gulupu ina, ya mbiri za amisiri zokhazokha, ndipo adimini ndine. Pa ya mapampu ndibwerera mwezi wamawa, ndikaonetsa khalidwe.

Ndatuluka ndikuyenda ngati nduna. Panjira m'pamene ndayamba kukayika ngati andikweza kapena anditaya.

Lamulungu

Anditaya.

Amene alowa pa gulupu yanga yatsopano:
- ine
- amake Rudo (akuti adzalondera)
- mayi wina wogulitsa nkhuku, sindikudziwa wampatsa ndani nambala

Nditabwera kutchalitchi ndaika gawo lachisanu, la mmene mgodi unatsekedwera, gawo lomwe ndinalira polemba. Amake Rudo awerenga, akonza chaka chomwe Rudo anabadwa. Mayi wa nkhuku wayankha kuti zilipo zazikulu ndi zapakati.

Masana walowa munthu wachinayi. Mtima wanga phaa, wowerenga weniweni! Walemba: "Pepani akuluakulu, pampu yanga ikulira koma sikukoka madzi, ndichite bwanji?"

Yankho ndikulidziwa, ndi matope mu valavu ya pansi. Koma pano si pa makina. Ndafufuta.