Malata a Shedi ya pa Doko

Lolemba

Andisankha! Kuyambira lero ndine tcheyamani wa Komiti ya Chitukuko cha pa Doko. Malipiro palibe, koma ulemu ulipo. Manja onse akwera m'mwamba kupatula dzanja la Ada Mhone, amene amayesa kuti mpando ndi wawo poti anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni. Akuti: "Telala ameneyu akamayankhula, ngakhale makina ake samumva." Alekeni anene. Mawu otsika nawonso amafika.

Chofuna chathu ndi chimodzi: shedi. Amayi ogulitsa usipa wouma pa doko alibe pobisala. Mvula ikangogwa usipa umanyowa, umachita nkhungu, mawa lake ndi wa amphaka. Mmodzi mwa amayiwo ndi mkazi wanga, NyaPhiri. Dzinja lino wataya kale madengu atatu, ndipo akuti pa doko paja watopa napo.

Mwayi ndi uwu: Loweruka kukubwera bwana wamkulu wochokera ku likulu, ndi lole ya malata ogawira anthu amene akudzithandiza okha. Malata alipo, ifenso tilipo. Chovuta n'chiyani?

Zochita:
chilolezo kwa a Chirwa, tcheyamani wa chipani kuno
mitengo
mawu okayankhula pamaso pa bwana
kusita jekete

Lachiwiri

M'mawa ndayeza malo ndi tepi yanga ya utelala. Ndi yaifupi, ndiye ndangokhalira kugwada m'matope, amayi akufa nako kuseka. NyaManda, mtsogoleri wawo: "Ada, kodi mukusokera doko buluku?" Aseke. Muyeso ndili nawo, ndipo ndaubwereza kuti pasakhale cholakwika.

Masana kwa a Chirwa. Andilandira bwino, mpando andipatsa. Choyamba, khadi la chipani. Langa silichoka m'thumba. Kenako ndayamba kuwawerengera mawu anga. Nditangofika pa "amayi athu akuvutika ndi mvula", akweza dzanja.

"Akuvutika? M'dziko muno? Ada, mukufuna bwana akanene kuti ku Nkhata Bay anthu akudandaula?"

Ayi, sindikufuna. Wina anadandaulapo za msewu ali pa mowa, mpaka lero akazi ake akumudikira.

Tachotsa "akuvutika". Tachotsanso "mvula", poti mvula ndi dalitso. Patsala "amayi athu", chiyambi chabwino ndithu. Chilolezo chapezeka!

Lachitatu

Mitengo yafika, khumi ndi iwiri, yowongoka bwino. Onyamula katundu pa doko akaidula okha kuphiri, osafuna kanthu. Takumba maenje, taimika. Ada Mhone khasu sanaligwire, koma malangizo apereka okwanira mudzi wonse: "Ku Joni mzati sitiimika chonchi!"

Titangomaliza, a Chirwa atulukira. Aima. Azungulira. Ayang'ana kumwamba komwe kulibe denga.

"Mitengo yopanda denga ikunena chiyani? Ikunena kuti boma lachedwa."

Ine ndimayesa ikunena kuti ndife okonzeka. Ndatero ndithu, koma mwina motsitsa.

Tazula yonse, taunjika kuseri kwa nyumba yanga. Palibe chatayika. Maenje alipo, ndipo maenje sanena kanthu.

Lachinayi

Komiti yakumana pakhonde langa, pambali pa makina. Uthenga wochokera kwa a Chirwa: mawu oti "tikupempha" nawonso achoke. Mlendo wamkulu sapemphedwa pagulu, zimaoneka ngati waiwala ana ake.

Nanga tikanene chiyani? Ada Mhone akutsokomola chotsokomola cha munthu wofuna mpando.

NyaManda ndiwo atipulumutsa. "Amuna inu kupempha simukudziwa. Malemu amuna anga akabwera kuchokera ku Halale, ine sindinkati ndipatseni bulangeti. Ndinkavina pakhomo, kuthokoza bulangeti sutikesi isanatsekulidwe. Ngakhale likhale logulira amayi awo, linkasanduka langa. Munthu wamkulu ukamuthokozeratu, manyazi amamugwira, amapereka."

Ada Mhone avomera ndi mutu. Akuti wotchi yawo inapita mwa njira yomweyo.

Nzeru zake! Dandaulo mulibe, pempho mulibe, a Chirwa alibe chochotsamo. Amayi apeka nyimbo pompo, pakhonde pomwepo, yoyamba ndi yewu, zikomo wa kwathu kuno:

Yewu boma lathu, yewu,
shedi yathu ya malata!
Mvula igwe, igwe,
usipa wathu wauma!

Ndafunsa ngati tingaikemo kamzere konena kuti shediyo sinamangidwe. NyaManda: "Ada, sokani malaya. Kamzere kameneko sikalowa m'ng'oma." Zoona, sikalowa, ndayesa chamumtima. Komanso n'kosafunika. Msonkhano uli pa doko, bwana akaona ndi maso awo kuti pamene pakuimbidwa shedi pali matope okha. Manyazi adzachita ntchito yake.

Ndagona bwino.

Lachisanu

Mvula chiyambire m'mawa. NyaPhiri wabwera dengu lili pamutu, chitenje pa dengu, madzi akutsika m'khosi. Moni palibe. Kenako: "A tcheyamani, sunthani makina anuwo ndiyanike usipa." Ndasuntha. Ndamuuza kuti apirire, mawa malata agona kwathu. Wandiyang'ana monga amayang'anira munthu wofuna kuika nsomba pa ngongole.

Nkhani ina. Msonkhano sukhalanso pa doko. Zifukwa za a Chirwa:
matope
fungo la nsomba
iwo eni aterera n'kulowetsa mwendo m'dzenje lathu limodzi, mpaka m'bondo

Tsopano zonse zikachitikira pa bwalo la sukulu, kumtunda. Pa bwalo la sukulu doko silioneka. Ndaliganizira zimenezi, msoko wa malaya a aphunzitsi mpaka wakhota. Koma palibe choopsa. Ine ndikakhalapo, andilonjeza kuti andiitana kuti ndiyankhule, ndikafotokoza bwinobwino. Bwana ndi munthu wophunzira.

Jekete ndasita. Ikununkha usipa, koma pang'ono.

Loweruka

Lole yafika! Malata atsopano, owala, omangidwa ndi zingwe. Ndawayeza ndi maso: akwana shedi yonse, atsalako ndi ena.

Ana asukulu, mbendera, mazira a mphatso, zoyankhula zazitali. Kenako amayi athu. Aimba ngati sadzaimbanso! NyaManda kutsogolo, ng'oma ikulira, nthungululu. NyaPhiri mzere woyamba, akudula chiuno ngati alibe dengu lonyowa kunyumba. Bwana adzuka pampando, avina nawo, alamula kuti nyimbo ibwerezedwe. Mtima wanga m'malo. Zikuyenda!

Ndiye bwana ayankhula.

"Ndayenda malo ambiri. Kulikonse anthu amanditchulira zosowa. Koma kuno ndapeza anthu oyamika. Sindimadziwa kuti shedi munalandira kale!"

Acheukira kwa kalaliki wawo. Kalaliki akusanthula mapepala. A Chirwa awerama, mwendo uja akuukoka: "Zonse ndi boma, bwana."

"Chabwino. Malatawa apite kwa anzanu a ku Chintheche, amene alibe."

M'manja. Ng'oma. NyaManda kukamwa yasa.

Bwana afunsa: "A tcheyamani a chitukuko ali kuti? Pali china?"

Ndaimirira. Bwalo lonse zii. Koyamba chibadwire, aliyense akundimva. Uku a Chirwa, uku anyamata a chipani ndi malaya awo ofiira. Ndikati shedi kulibe, ndiye kuti amayi anamiza bwana pagulu, kuwavinitsa bodza, ndipo mkazi wanga anali mzere woyamba.

"Bwana, ife tikungothokoza."

Andigwira chanza ndi manja awiri. Akuti ndine chitsanzo, ena atengere kwa ine.

Lole yavutika kutembenuka pabwalo. Amene aithandiza ndi Ada Mhone, chipewa m'manja: "Bwera! Bwera! Ku Joni lole timabweza chonchi!" Yatuluka bwinobwino, osagunda kanthu.

Lamulungu

Mvula.

Kutchalitchi anthu akundipatsa moni mwaulemu woonjeza. Mkulu wa mpingo watchula shedi m'pemphero loyamika. Onse ati ameni, ena mwa iwo atanyowa pa doko dzana lomweli.

Komiti yakumana titatuluka. Ndapempha kutula pansi udindo. A Chirwa: "Munthu woyamikiridwa ndi bwana dzulo, lero atule? Anthu adzati simunakondwe." Ndayang'ana kwa Ada Mhone. Akuti mpando sakuufunanso, msana ukuwavuta. NyaManda akuti nyimbo inalibe vuto: "Bwana uja ndiye alibe manyazi." Ayamba kale kupeka ina, yothokoza chimbudzi. Ndati tidikire kaye. Sanandimve.

Kupemphanso shedi sikutheka. Ku likulu alemba kuti tili nayo.

Kunyumba usipa uli paliponse: patebulo, pansi pa bedi, pa nsalu ya suti ya munthu. NyaPhiri akusankha wabwino n'kumaika m'thumba, woola akuponyera amphaka. Wamanganso kampukutu ka zovala.

"Mawa ndikwera basi ya ku Chintheche, ndikakhala kwa achemwali. Ndamva kuti kumeneko kukumangidwa shedi. Ana muwaphikire."

Ndamufunsa kuti abwera liti.

Akuti mvula ikatha.